Zimene Janeti Anamasulira pa Nsipe

Janeti Ngozo ankaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Nsipe. Anthu a m'deralo ankamudziwa kuti ndi mayi wolankhula momveka, komanso wa nkhope yosadziwa kubisa zamumtima. Bambo ake, a Chifuniro Ngozo, ankalima kumtunda cha ku Nzama. Munda wawo sunali waukulu, koma nyemba zawo zinali ndi mbiri. Akakolola ankakhala pamkeka masiku angapo kusankha mbewu ya nanyati ndi kayera imodziimodzi, n'kuisunga m'phulusa. Mvula ikayandikira ankatsitsira matumba kwa mayi Zubeda, amene anali ndi golosale pamsika wa Nsipe. Alimi ochokera ku Manjawira, ena mpaka kutsidya kwa malire, ankafika pagolosalepo kudzafunsa mbewu ya a Ngozo, mayi Zubeda n'kumawayezera pambale. Zinakhala choncho kwa zaka zoposa makumi awiri.

Lachiwiri lina mu Okutobala, galimoto yoyera inaima pasukulupo nthawi ya buleki. Munatuluka bambo wina wovala jekete, dzuwa likuswa mtengo. Dzina lake anali Raymond Kamtengeni. Ankagwira ntchito ku ofesi ya ku Lilongwe ya Mgwirizano wa Maiko a M'chigawo, bungwe limene maiko khumi ndi anayi anakhazikitsa kuti malonda aziyenda mosavuta pakati pawo. Likulu lake linali mumzinda wina wakutali umene Janeti ankangouona pamapu a m'kalasi.

"Madamu, Lachisanu tili ndi msonkhano wa alimi pabwalo la kuseri kwa msika," anatero a Raymond. "Kukubwera mkulu wochokera kulikulu, ndiye Chichewa sachimva. Aliyense amene ndamufunsa akuti womasulira kuno ndinu."

"Msonkhano wa chiyani?"

"Za mbewu. Tikungofuna kumva maganizo a anthu basi."

Janeti anavomera, koma anapempha kuti amutumizire mapepala a nkhaniyo msanga kuti akonzekere mawu ovuta. A Raymond anati atumiza pafoni tsiku lomwelo. Lachitatu linadutsa, Lachinayi linadutsa, foni ili zii.

Lachisanu m'mawa anapeza atakhoma kale tenti. Mipando ya pulasitiki inali ya akuluakulu, anthu wamba anakhala pansi ndi pamiyala. Bambo ake anali patsogolo penipeni, chipewa chili pabondo. Anali atatsika pa kabaza, chifukwa mayi Zubeda anawaimbira foni kuti nkhani ya mbewu siingakambidwe iwo kulibe. Mtsikana wina wa ku ofesi ya a Raymond ankazungulira ndi pepala kuti aliyense wofika asaine kapena kudinda chala.

Kutatsala mphindi zochepa kuti ayambe, a Raymond anamupatsa Janeti chikalata chochindikala. Iye anaima kuseri kwa tenti n'kuyamba kuvundukula masamba mofulumira. Atafika pa ndime yachisanu ndi chinayi anaima, n'kuiwerenganso. Inkanena kuti kuyambira pa 1 Epulo, mbewu iliyonse yogulitsidwa m'maiko onsewo iyenera kukhala yolembedwa m'kaundula wa kulikulu, ndipo kuti ilembedwe iyenera kuyesedwa kaye nyengo ziwiri m'maiko atatu. Wopezeka akugulitsa mbewu yosalembedwa adzalandidwa katunduyo pamodzi ndi chiphaso cha bizinesi. Kumapeto kunali kandime kena kakafupi, konena kuti lamuloli lidzayamba kugwira ntchito lokha m'dziko lililonse, popanda kudzeranso ku nyumba za malamulo.

Anawapeza a Raymond akukonza mabotolo a madzi patebulo.

"Bambo Kamtengeni, apa akuti zonse zinatha kale. Nanga maganizo mukuti timve lerowo ndi a chiyani?"

A Raymond anamukokera pambali n'kutsitsa mawu. "Tamverani, madamu. Inu ndi ine timawadziwa anthu athu. Mukawauza zonse nthawi imodzi, pano pabuka chipolowe. Mlendoyu akatchula tsiku, inu mungoti nkhaniyi ikukambidwabe. Akatchula zolanda katundu, mungoti padzakhala kulangizana. Si bodza ayi, ndi kufewetsa chabe."

"Ndiye mumafuna womasulira kapena wopeka nkhani?"

"Ndimafuna munthu wanzeru, ndipo ndamupeza."

Janeti asanayankhe, wotsogolera msonkhano anaitana pemphero lotsegulira.

Woyamba kulankhula anali a Jasper Mlongoti, phungu wa deralo, amene anali atapambana kachiwiri. A Ngozo anawayendera kampeni maulendo onse awiri, khomo ndi khomo kumtunda konse. A Mlongoti anathokoza mafumu, anathokoza alendo, nati dziko laling'ono silingaime lokha masiku ano, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anthu anaomba m'manja mwaulemu.

Kenako anaimirira mlendo uja. Anali bambo wamtali wa imvi, wolankhula modekha. Dzina lake linawavuta anthu, ndiye anangogwira udokotala wake n'kumamutchula kuti Dokotala. Anayamba ndi nkhani ya mbewu yachinyengo, ya anthu amene amapaka utoto chimanga wamba n'kuchiika m'mapaketi okongola, mlimi n'kutaya chaka chonse. Anati kaundula mmodzi wa maiko onse adzathetsa zimenezo, ndiponso mbewu yabwino izidzadutsa malire popanda kuchedwetsedwa. Janeti anamasulira zonsezo bwinobwino, ndipo anthu anagwedeza mitu, chifukwa ambiri anapusitsidwapo ndi chimanga chopaka utotocho.

Ndiye Dokotala anatchula tsiku lija. Analitchula momveka, pamodzi ndi zolanda katundu ndi ziphaso, ngati munthu woganiza kuti omvera ake akudziwa kale.

Janeti anagwira maikolofoni. A Raymond ankamuyang'anitsitsa, akupukusa mutu pang'ono. A Mlongoti maso anali pafoni. Pansi paja, anthu oposa mazana atatu ankadikira, ena ataika dzanja kukhutu. Chimene chinamutenthetsa mtima kwambiri panthawiyo sichinali nyemba za bambo ake. Chinali chakuti anthuwa anasiya makasu ndi mabenchi awo kuti adzaseweretsedwe ngati ana, ndipo pakamwa pamene panasankhidwa kuti bodzalo litulukire panali pake.

"Alendowa akuti lamuloli linatha kale kulembedwa," anatero. "Liyamba pa 1 Epulo. Kuyambira tsiku limenelo, mbewu yosalembedwa m'kaundula wa kulikulu kwawo siidzaloledwa kugulitsidwa pamsika uno kapena pena paliponse. Wopezeka nayo adzamulanda, ndipo ngati ali ndi chiphaso cha bizinesi adzamulandanso."

Kenako mayi Zubeda anaimirira, akukonza mpango kumutu.

"Madamu, tafunseni. Nyemba zimene ndimagulitsa ine amasankha a Ngozo awa ndi manja awo. Palibe analirapo nazo. Zimenezonso ndi zachinyengo?"

Janeti anafunsa m'Chingerezi. Dokotala anayankha kuti sakukayika kuti nyembazo ndi zabwino, ndipo mwiniwake ali ndi ufulu wokazilembetsa. Zikayesedwa nyengo ziwiri m'maiko atatu n'kupambana, zidzaloledwa. Janeti atamasulira, anthu anaseka kuseka kowawa.

"A Ngozo akalime m'maiko atatu," anatero bambo wina kumbuyo. "Pa kabaza."

A Ngozo sanaseke. Anadzuka pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja, n'kudikira kuti phokoso lithe.

"Ine ndine Chifuniro Ngozo wa ku Nzama. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mundikhululukire ngati funso langa ndi lopusa. Boma likandilakwira, ndimadikira chisankho, ndimakaima pamzere, ndimalichotsa. Ndachitapo zimenezi ndipo ndaona zikutheka. Tsono amene analemba lamuloli, ndikafuna kumuchotsa, ndikaime pamzere uti?"

Janeti anamasulira mawu a bambo ake liwu ndi liwu. Dokotala anavula magalasi, n'kuyankha mosazemba. Anati lamulolo linalembedwa ndi komishoni ya akatswiri asanu ndi awiri, osankhidwa ndi nduna za maiko onse. Savoteredwa ndi anthu, ndipo zinakonzedwa dala choncho kuti ndale zisamawasokoneze. Mphamvu zimenezo dziko linazipereka lokha, pamene nyumba ya malamulo inavomereza pangano la Mgwirizano zaka zisanu zapitazo.

"Akuti mzere woterowo kulibe," anatero Janeti, n'kumasulira zotsalazo.

A Ngozo anatembenukira kumipando ya pulasitiki ija.

"A Mlongoti, zaka zisanu zapitazo inu munali m'nyumbamo. Munavomera?"

"Bambo Ngozo, nkhani izi n'zovuta, si zokambira pabwalo chonchi."

"Munavomera kapena munakana?"

"Tonse tinavomera. Monga ndanenera muja, mutu umodzi susenza denga."

"Mwalisenzadi dengalo," anatero a Ngozo. "Koma mwalizula panyumba yathu n'kupita nalo kwina. Mpando umenewo tinakubwerekani kuti mukatilankhulire. Munthu satenga chinthu chobwereka n'kukapatsa wina, mwiniwake asakudziwa."

Anthu anayamba kuimirira. A Raymond anathamangira maikolofoni ina kuti anene kuti nthawi yatha ndipo zakumwa zilipo, koma mayi Zubeda anali atafika kale kwa mtsikana wa pepala uja. Analitenga m'manja mwake n'kubwera nalo kwa Janeti.

"Madamu, ine ndasaina kale apa. Pamwambapa alemba chiyani?"

Janeti anawerenga. Anakweza maikolofoni.

"Pamwamba pa pepala limene mwasaina polowa alemba kuti: ife osaina m'munsimu tafunsidwa maganizo athu, ndipo tikugwirizana ndi lamuloli."

Apo msonkhano unathera pomwepo. Amene anasaina anakhamukira kutsogolo, aliyense akufuna kufufuta dzina lake, ndipo pokokerana pepalalo linang'ambika zidutswa. Wina anakankha kireti ya zakumwa, mabotolo n'kumwazika pafumbi. Amuna ena analunjika kugalimoto yoyera ija, koma a Umar, amuna awo a mayi Zubeda, anaima patsogolo pake pamodzi ndi katekisiti wina, n'kuwauza kuti galasi likasweka, mawa pawailesi nkhani ikhala ya galasi, ya mbewu iiwalika. Amunawo anabwerera akutukwana.

Dokotala anamugwira Janeti pamkono n'kumufunsa chimene chachitika. Iye anamuuza kuti anthuwa anaitanidwa kuti adzapereke maganizo, ndiponso anamuuza zimene a Raymond anamupempha kuseri kwa tenti. Dokotala anati iye anauzidwa kuti maganizo a alimi anatengedwa kale chaka chatha, lero anangobwera kudzafotokoza. Anapepesa, ndipo zinkaoneka kuti kupepesako kunali kochokera pansi pa mtima. Koma anawonjezera kuti tsiku lija silingasinthe, chifukwa silili m'manja mwake.

"Nanga lili m'manja mwa yani?" anafunsa Janeti.

Dokotala anatchulanso komishoni ija, n'kukalowa m'galimoto.

A Raymond anatsalira pang'ono.

"Mwakondwa, madamu? Mwandiphera ntchito. Ndipo musaiwale kuti nanunso muli ndi mabwana."

"Munandiitana kuti ndimasulire, ndamasulira. Ngati pali liwu limene ndawonjezera, litchuleni."

"Anthu awa sangamvetse nkhani za maiko khumi ndi anayi."

"Amvetsa bwino kwambiri. N'chifukwa chake mwakwiya."

Lamulungu Janeti anakwera kumtunda kukaona bambo ake. Atangobwerako ku Misa, galimoto ya a Mlongoti inaima pamsewu, iwo n'kutsika okha, opanda anyamata owaperekeza. A Ngozo anawatulutsira mpando pakhonde. Analonjerana mwachidule.

"Ndabwera ngati mwana wanu, bambo Ngozo, osati ngati phungu," anayamba a Mlongoti. "Mwandichititsa manyazi pagulu, koma sindikudandaula. Ndikufuna mudziwe mmene zinayendera."

Anafotokoza kuti pangano lija linabwera tsiku lomaliza la zokambirana, Lachisanu masana, pamodzi ndi mabilu ena anayi. Linali ndi masamba oposa mazana awiri. Anauzidwa kuti maiko ena onse asaina kale, ndipo dziko likachedwa misewu ndi malonda zidutsa kwina. A chipani cholamula ndi otsutsa omwe anavomera, ndipo zonse zinatha pasanathe ola.

"Munaliwerenga?" anafunsa Janeti.

"Palibe analiwerenga, madamu. Ndisakunamizeni."

Janeti anadzuka pamkeka. Sanali munthu wokweza mawu pamaso pa bambo ake, koma tsiku limenelo analephera kudzigwira.

"Mwana wa fomu 2 akandibweretsera pepala loti wasaina asanawerenge, ndimamubweza. Inu anthu akuluakulu, odzaza nyumba yonse ija, munapereka mphamvu za dziko ngati mukupereka fodya pamaliro. Bambo anga anayenda wapansi mpaka zidendene kung'ambika, kuuza anthu kuti Mlongoti akatiimira. Munakatiimira chiyani? Munakangokweza dzanja kuti mupeze msewu kusanade."

"Nangozo, khala pansi," anatero a Ngozo. Janeti anakhala. Iwo anatembenukira kwa mlendo wawo. "Zimene wanenazi ndi zanga, wangondithandiza. Tsono chinthu chobwereka chija munachipereka ndinu. Kachitengeni."

A Mlongoti anapukusa mutu. Anati kutuluka m'panganomo kumafuna chidziwitso cha zaka zitatu, ndipo palibe nduna ingayerekeze. Chimene angathe ndi kuidzutsa nkhaniyo m'nyumba ya malamulo mu Febuluwale, koma phungu mmodzi wopanda anthu kumbuyo kwake amangomuseka.

"Anthu muwapeza," anatero Janeti.

Ponyamuka, a Ngozo sanawaperekeze. Anakhalabe pakhonde, akuyang'ana kumunda, mpaka galimoto inazimiririka.

Lolemba ahedi anamuitana Janeti ku ofesi. Kunali kutabwera kalata yodandaula kuti mphunzitsi wawo anasokoneza msonkhano wa chitukuko. Ahedi anali munthu woopa mavuto, ndipo anamupempha kuti alembe kakalata kopepesa nkhani ithe. Janeti anati alemba lipoti la zimene zinanenedwa m'Chingerezi ndi mmene anazinenera m'Chichewa, aliyense wodziwa zilankhulo ziwirizo aweruze. Analemba masamba anayi. Palibe amene anamuyankha, koma dzina lake linachotsedwa pa aphunzitsi opita kumaphunziro a ku Lilongwe chaka chimenecho.

Chikalata chochindikala chija a Raymond anaiwala kumulanda. Akaweruka kusukulu, Janeti ankakhala patebulo kuchimasulira ndime ndi ndime. Zinamutengera milungu isanu. Mawu ena anamuvuta mpaka kukafunsa mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito. Atamaliza, a Umar anakachulukitsa mapepalawo ku Boma, ndipo anayamba kuwawerenga pagulu: Loweruka pamsika wa Nsipe ndi wa Manjawira, Lamulungu potuluka m'tchalitchi, Lachisanu a Umar potuluka mumzikiti. Janeti anaumirira kuti aziwerenga zonse, ndi ndime zolimbana ndi mbewu yachinyengo zomwe. Akatha kuwerenga, ofuna ankasaina kapena kudinda chala papepala lopempha nyumba ya malamulo kuti iunikenso lamulolo.

Si onse anagwirizana naye. Ku Manjawira, a Nicholas, ogulitsa mbewu za m'mapaketi ndi feteleza, anamutsutsa pamaso pa anthu. Anati lamulolo ndi labwino, lithana ndi akathyali, ndipo alimi akakamira mbewu zamakolo adzakhala osauka mpaka kalekale.

"Mwina mukunena zoona, bambo Nicholas," anayankha Janeti. "Bwenzi tikukangana chonchi lamulo lisanalembedwe, inu n'kukopa anthu, ine n'kukopa anthu, aphungu athu n'kukavota atamva. Mukanapambana inu, ndikanameza. Koma pano kaya mupambane inu kaya ine, palibe chisinthe. Ndi chimenecho chikundiwawa."

A Nicholas sanasaine, koma anawabwereka benchi yoikapo mapepala.

Pofika Febuluwale, mayina ndi zidindo za zala zinadzaza makatoni awiri. A Mlongoti anasunga lonjezo. Anaidzutsa nkhaniyo, ndipo aphungu a m'maboma ena, amene nawonso anali atayamba kufunsidwa mafunso kwawo, anaimirira kuwathandiza. Anakambirana masiku awiri. Pomaliza anauzidwa kuti nyumbayo ilibe mphamvu yosintha ngakhale liwu limodzi m'lamulolo. Chimene anagwirizana n'chakuti nduna ilembe kalata yopempha komishoni kuti iganizire alimi ang'onoang'ono.

Yankho linabwera kumapeto kwa Malichi. Janeti analimvera pawailesi m'golosale mwa mayi Zubeda, pa nkhani za masana. Komishoni inavomera kuti mbewu ya nyemba ndi mbatatesi ya alimi ang'onoang'ono ipitirire kugulitsidwa kwa nyengo ziwiri zokha, kenako lamulo lidzagwire ntchito lonse. Panja amayi ogulitsa tomato anayamba kululutira, ndipo wina anasuzumira pakhomo kudzamuthokoza Janeti.

Mayi Zubeda anazimitsa wailesi.

"Akululutira chiyani?" anatero. "Atibwereka nyemba zathu zomwe kwa zaka ziwiri, ndiye tizithokoza? Ine ndimayesa tikupita kwa eni nyumba. Kani nawonso ndi opempha ngati ife."

Janeti ankaganiza za mmene akawauzire bambo ake, amene chaka chimenecho anali atadzala nanyati wambiri kuposa kale, ngati munthu wochita makani.

A Ngozo atamva, anangofunsa kuti chisankho chili liti. Atauzidwa, anati aliyense wobwera kudzapempha voti pakhomo pawo adzayambe wawawerengera pangano lonselo mokweza, iwo ali pampando, kenako anene ngati akalichotse kapena ayi. A Mlongoti anawatumizira uthenga wothokoza chifukwa cha makatoni aja. Iwo sanauyankhe.

Mu Meyi, Lachisanu lina masana, Janeti ankachokera ku Boma pa minibasi. Atakhala pansi anazindikira kuti amene wapanikizana naye pampando ndi a Raymond. Jekete inalibe, ndipo pamiyendo anali atanyamula katoni ya sopo. Onse awiri anayang'ana kutsogolo mpaka minibasi inatuluka m'tauni.

"Kontirakiti yanga sanaiwonjezere," anatero a Raymond pomaliza. "Pano ndikuthandiza mlamu wanga pa hokala ku Balaka."

"Pepani."

"Musapepese, simukumva chisoni."

"Ana anu ndikuwamvera chisoni. Inu ayi."

A Raymond anaseka pang'ono. Anati mayi awo nawonso amalima nyemba ku Dedza, ndipo atamva zimene zinachitika pa Nsipe anakhala mwezi wathunthu osawalankhula. Anati iwo sanalembe lamulo, sanasaine pangano, anangopatsidwa tsiku loti lipoti likhale litafika kulikulu, lokhala ndi mayina a alimi osachepera mazana awiri. Janeti anati aliyense amene wakumana naye pankhaniyi akuti si iye, ndipo watopa nawo mawu amenewo.

Minibasi inaima kutsitsa mayi wa nkhuku, n'kunyamukanso.

"Mukuganiza kuti munapambana," anatero a Raymond. "Amene analowa m'malo mwanga safuna womasulira. Amabwera ndi mawu ojambuliratu ku Lilongwe, Chichewa chosalala bwino. Amayatsa sipika, ikamaliza amapakira. Pano akuyendetsa lamulo lina, la ziweto."

"Nanga wofuna kufunsa?"

"Pali kabokosi. Amalemba funso n'kuponyamo."

Janeti anayang'ana pawindo minda ya chimanga chouma ikudutsa.

"Lamulo la ziwetolo likuti chiyani?"

A Raymond anazengereza. Kenako anatsegula foni, anafufuza pang'ono, ndipo foni ya Janeti inalira m'chikwama.

"Sindinakupatseni ine. Mawa msonkhano wake uli ku Manjawira, naini koloko."

Kondakitala anamenya denga la minibasi kuti afika pa Nsipe. Janeti anatsika osatsanzika. Anadikira malole awiri adutse, anawoloka msewu, n'kulowa m'golosale. Mayi Zubeda ankayezera kasitomala shuga.

"Mawa m'mawa golosale muwasiyire a Umar," anatero Janeti, akukoka mpando kuti akhale. "Ndipo mundipatseko pepala ndi cholembera. Pali masamba makumi atatu oti ndiwerenge."